Mbewu ya m'sutikesi singamange bizinesi ya dimba

Pakati pa achinyamata athu amene anabadwira kapena kukulira kunja kuno, nkhani yoika ndalama pa ulimi kumudzi yafika pokoma. Wina ali ku Leeds, wina ku Johannesburg, wina ku South Bend, koma maganizo ndi amodzi: amalume ali ndi dimba m'mbali mwa mtsinje, phwetekere ndi anyezi sizisowa msika, ndiye ine ndiikepo ndalama, iwo aikepo mphamvu, tidzagawane phindu. Ife maganizo amenewa timawayamikira. Ndi aulemu kuposa kumangotumiza ya ndiwo mwezi ndi mwezi mpaka kalekale. Chimene tikukana ndi chizolowezi chimene chabwera nawo, chogula mbewu kuno, m'masitolo a zamaluwa kapena pa intaneti, n'kuzilongedza m'sutikesi pakati pa nsapato ndi mafoni, poganiza kuti chilichonse chochokera ku Ulaya kapena ku America chimaposa cha kwathu.

Mbewu si foni. Foni yogula ku London ikafika ku Ntcheu imagwira ntchito ngati mmene imagwirira ku London. Mbewu imapangidwa poganizira dothi lakelake, nyengo yakeyake, kutalika kwa usana ndi matenda a dera limene ikukabzalidwa.

Tengani anyezi. Anyezi amayamba kupanga mutu akaona kuti usana watalika kufika pamlingo umene mtundu wake umafuna. Mitundu yambiri yogulitsidwa ku Britain ndi kumpoto kwa America imadikira usana wa maola 14 mpaka 16, chifukwa kumeneko m'chilimwe dzuwa limachedwa kulowa. Ku Malawi usana wotalikitsitsa pa chaka umangofika pafupifupi maola 13. Mbewu imeneyo imera bwinobwino, masamba abiriwira, amalume athirira miyezi inayi, koma mutu wa nzeru osaoneka. N'chifukwa chake kwathu kunazolowereka mitundu ngati Red Creole ndi Texas Grano, imene imakhutira ndi usana waufupi. Pa paketi ya ku Britain zimenezi mwina sangazilembe n'komwe, chifukwa wogulitsayo sanaganizepo zoti mbewu yake ikathera ku Dedza.

Ndiye pali nkhani ya kuchuluka kwake. Wolima phwetekere wa malonda akabzala motalikitsa masentimita 90 pakati pa mizere ndi 60 pakati pa mapando, ekala imodzi imafuna mbande pafupifupi 7,500. Galamu imodzi ya mbewu ya phwetekere imakhala ndi njere pafupifupi 300, kutanthauza kuti pakufunika magalamu 25, kuwonjezerapo zina zolowa m'malo mwa zofera pa nazale. Kapaketi ka haibulidi ka m'sitolo ya zamaluwa nthawi zambiri kamakhala ndi njere 10 kapena 20, chifukwa n'kopangira munthu wobzala kuseri kwa nyumba pongosangalala. Alimi a malonda sagula choncho. Amagula m'zitini kapena m'mapaketi owerengera njere, 1,000 kapena kuposerapo, okhala ndi nambala ya gulu la mbewuyo, tsiku limene inayesedwa ndi kameredwe kake. Kusiyana kumeneku sikungothera pa mtengo, chifukwa mtundu wopangidwira nyumba zagalasi za ku Netherlands, wokwera chingwe miyezi yambiri m'malo otetezedwa, si umene venda wa pa Lizulu kapena pa Jenda akufuna. Iye akufuna phwetekere wolimba khungu, woti apanikizike m'dengu, akwere lole mpaka ku Lilongwe kapena ku Limbe, n'kukhalabe pa benchi masiku angapo asanayambe kuchucha. Mitundu ngati Tanya ndi Tengeru 97 inatchuka m'chigawo chathu pa chifukwa chimenechi.

Koma pamene tikufuna kukhalitsapo ndi pa zolembedwa zing'onozing'ono, chifukwa apa ndi pamene inu mungathandize kwambiri kuposa wina aliyense m'banja.

Ena mwa ife timagwira ntchito za makompyuta, ndipo timadziwa kuti palibe amene amawerenga malamulo aatali aja asanadine batani lovomereza. Makampani a mbewu alinso ndi malamulo awo otere, olembedwa kuseri kwa paketi, kumapeto kwa kabuku ka mitundu ya mbewu kapena pa tsamba lawo la pa intaneti. Kaya ndi makampani akuluakulu a ku Ulaya, a ku America kapena a ku South Africa, mfundo zake zimafanana kwambiri. Kampani imalonjeza kuti chimene chili m'paketi ndi chimene chalembedwa kunja kwake, ndipo mbewuyo inamera pamlingo wakutiwakuti pamene inkayesedwa. Siilonjeza zokolola. Zithunzi zokongola ndi manambala a matani pa hekitala zimatchedwa chitsogozo chabe, chochokera m'minda yawo yoyeserera. Ndipo mfundo yaikulu kuposa zonse ndi iyi: zinthu zikalakwika, ngakhale cholakwacho chitakhala chawo, ndalama imene angabweze siipitirira mtengo umene munagulira mbewuyo. Feteleza, mankhwala, mafuta a pampu, aganyu, mitengo yoimikira phwetekere, miyezi itatu ya thukuta, zonsezo n'zanu. Makampani ena amawonjezera kuti kutsegula paketi ndiye kuvomereza malamulowo, ndipo amene sakugwirizana nawo abweze mbewuyo isanatsegulidwe. Nthawi yoperekera dandaulo imakhalanso yaifupi, ndipo amafuna liperekedwe mbewu ikadali m'munda kuti munthu wawo adzaone yekha. Dandaulo lobwera mutazula kale zonse silipita patali.

Sitikunena kuti makampaniwa ndi akuba. Munthu wogulitsa njere ya ndalama zochepa sangalonjeze kulipira munda wonse umene sanauonepo, wothiriridwa ndi munthu amene sakumudziwa. Komabe tiyenera kuona bwino tanthauzo lake kwa ife. Chiopsezo chonse chimatsalira wolima ndi amene waika ndalama. Tsono mbewu ya m'sutikesi imachotsa ngakhale kachitetezo kochepa kamene kanalipo. Mukadandaula kwa yani? Sitolo ya ku Manchester siidzatumiza munthu ku Tsangano kukaona chifukwa chimene kabichi wavundira.

Pa nkhani ya matenda, mawu amene amasokoneza anthu ambiri ndi akuti mbewu iyi ndi yopirira ku matenda. Timawamva ngati katemera wa zonse. Bungwe la makampani a mbewu pa dziko lonse, International Seed Federation, linagwirizana za zilembo ziwiri zimene mudzazione m'mabuku a mbewu za malonda. HR ndi kupirira kwakukulu: mbewu imatchinga kwambiri kachiromboko, koma matenda akachuluka imatha kuonetsabe zizindikiro. IR ndi kupirira kwapakati: mbewu idzadwala ndithu, kungoti mocheperapo poyerekeza ndi mtundu wopanda chitetezo. Palibe pa ziwirizi chimene chikutanthauza kuti mbewu singadwale. Kutsogolo kwa zilembozi kumabwera mndandanda wa matenda amene akunenedwa, mofupikitsa. Fol ndi kufota koyamba ndi nkhungu ya Fusarium, Rs ndi kufota koyamba ndi bakiteriya, TYLCV ndi matenda opiringiza masamba amene amafalitsidwa ndi tintchentche toyera, pamene Ma, Mi ndi Mj ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu. Pa kabichi mudzaona Xcc, matenda amene amayambira m'mphepete mwa tsamba n'kudetsa mitsempha yake. Matenda amene sanalembedwe pa mndandandawo, dziwani kuti mbewuyo sinalonjezedwe kalikonse pa iwo.

Mndandanda wautali umakopa maso, ndipo umakweza mtengo. Koma funso loyenera ndi lakuti, m'dimba la amalume muli matenda anji? Ngati phwetekere wawo amafota mwadzidzidzi masamba akadali obiriwira, ndipo ukadula tsinde n'kuliviika m'tambula ya madzi oyera pamatuluka timizere toyera ngati mkaka, ameneyo ndi bakiteriya wa m'dothi, ndipo mbewu yopanda Rs, ingakhale ndi zilembo zina khumi, ikagwa chimodzimodzi. Mitundu yambiri ya ku Ulaya ilibe chitetezo chimenechi chifukwa kumeneko si vuto lalikulu pa phwetekere, pamene mtundu wakale wa ku South Africa wotchedwa Rodade unapangidwa poganizira matenda omwewa. Ngati vuto ndi chiwawu cha nyengo ya mvula kumadera ozizira ngati Dedza ndi Ntcheu, nkhani yake ndi ina, ndipo nthawi zambiri yankho limakhala pa kupopera pa nthawi yake, kutalikitsa mbewu ndi kusankha mwezi wobzala.

Pali tinthu tiwiri tobisika timene ngakhale ogulitsa ena satifotokoza. Choyamba, chitetezo cha phwetekere ku tinyongolotsi ta m'mizu chimafooka dothi likatentha kupitirira madigiri 28. Munthu wolima ku Chikwawa, ku Nsanje kapena m'mbali mwa nyanja ku Salima m'mwezi wa October akhoza kugula mbewu yolembedwa bwinobwino kuti ndi yopirira, n'kudzapeza mizu ili mfundomfundo, kampani osanama ngakhale pang'ono. Chachiwiri, nkhungu ya Fusarium ili ndi mitundu yake, ndipo kawerengedwe kake n'kosiyana. Mabuku a ku America anazolowera kuitchula 1, 2 ndi 3, pamene a ku Ulaya amaitchula 0, 1 ndi 2. Munthu woyerekeza mabuku awiri osadziwa zimenezi akhoza kuganiza kuti wapeza chitetezo chimene palibe. Izi ndi zinthu zoti mwana wophunzira kunja kuno, wa Chingerezi chake chakuthwa ndi intaneti yosadukaduka, akhoza kuzifufuza madzulo amodzi, n'kuwafotokozera amalume pa WhatsApp m'Chichewa chomveka.

Ndipo tizilombo tina sitisamala zilembo za pa paketi. Kambozi kotchedwa Tuta absoluta, kochokera ku South America, kanaoneka ku Spain mu 2006, ndipo pofika 2016 kanali katafika kum'mwera kwa Africa. Aliyense wolima phwetekere kwathu amakadziwa, kamene kamalowa m'kati mwa tsamba n'kuboola chipatso. Wogulitsa akakuuzani kuti mbewu yake yokha ithana nako, gwirani chikwama chanu.

Apa tafika pa chifukwa chimene chizolowezi cha sutikesi chimatidetsa nkhawa koposa. Matenda ena amayenda ndi njere. Matenda a kabichi tatchula aja ndi amodzi mwa iwo. Enanso ndi kachirombo katsopano ka phwetekere kotchedwa ToBRFV, kamene kanayamba kuoneka ku Israel ndi ku Jordan cha m'ma 2014 ndi 2015, n'kufika ku England, m'dera la Kent, mu 2019. Kanagonjetsa chitetezo chimene alimi a phwetekere anadalira kwa zaka zambiri pa tizirombo ta mtundu wake, kamakakamira pa manja, pa mipeni ndi pa madengu, ndipo palibe mankhwala opopera okachiza. Maiko olemera anakhwimitsa malamulo oyeza mbewu ya phwetekere ndi tsabola yolowa m'malire awo chifukwa cha kachiromboka. Tsono ife, amene timadziwa bwino mmene amatifunsira pa bwalo la ndege kuno ngati tanyamula ufa, usipa kapena nyemba, n'chifukwa chiyani timaona ngati malire a kwathu alibe ntchito? Njere zogula kwa munthu wosadziwika pa intaneti, kapena zofinya m'phwetekere wokoma wa mu supamaketi, zikalowetsa matenda m'dambo limodzi, ovutika ndi mudzi wonse umene umamwa mtsinje umenewo, anthu amene sanapemphe mphatso yathu.

Njira yovomerezeka ilipo. Wofuna kulowetsa mbewu m'Malawi amayamba wapeza chilolezo ku unduna wa zamalimidwe, ndipo mbewuyo imayenera kubwera ndi chikalata chotsimikiza kuti ilibe matenda, chochokera ku boma la dziko limene yagulidwa. Ku England chikalata chotere chimaperekedwa ndi APHA, ku America ndi APHIS. Ndi ntchito yotopetsa pa mbewu ya ekala imodzi, ndipo n'chifukwa chake tikuti isiyireni makampani amene amaichita kale.

Tikudziwa chimene ambiri a inu muyankhe, chifukwa makolo anu anakuuzani: kwathu kuli mbewu zachinyengo. N'zoona. Nkhani za chimanga wamba chopakidwa utoto n'kuikidwa m'mapaketi okongola si zopeka, ndipo mbewu ya masamba yopimidwa ndi kasupuni pa msika, yochokera m'chitini chimene chinatsegulidwa chaka chatha, palibe amene angailumbirire. Mantha amenewa ndi omveka. Koma yankho lake lili komweko. Dziko lili ndi lamulo latsopano la mbewu la 2022, ndipo ku Chitedze, kufupi ndi Lilongwe, kuli nthambi ya boma yoyeza ndi kutsimikiza mbewu. Sitinganene kuti zonse zikuyenda mwa ndondomeko, koma pali kusiyana kwakukulu pakati pa sitolo yolembetsedwa, yopereka lisiti, yogulitsa paketi yomata ya kampani yodziwika, ndi munthu woyala mbewu padzuwa pafupi ndi sopo. Makampani ngati Seed Co, Starke Ayres ndi East-West Seed amagulitsa mbewu za masamba zopangidwira nyengo za kumadera otentha. Amene anayambitsa East-West Seed, Simon Groot wa ku Netherlands, analandira mphotho ya World Food Prize mu 2019 chifukwa cha ntchito yofikitsa mbewu zotere kwa alimi ang'onoang'ono. Choncho luso la ku Ulaya limene mukulifunalo linafika kale kufupi ndi kwathu, litavala zovala zoyenera nyengo yake.

Chimene chimasowa kumudzi kawirikawiri ndi ndalama pa tsiku loyenera. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mbewu ya haibulidi, poti ndi yoitanitsa kunja, mtengo wake umatsatira dola. Wolima akaona mtengowo amathawira ku kasupuni ka pa msika kapena ku chibwereza. Apa ndi pamene mapaundi, madola ndi marandi anu ali ndi mphamvu. Lipirani paketi yeniyeni, yogulidwa kwathu, ndipo pemphani chithunzi cha lisiti ndi cha paketiyo mbali zonse isanatsegulidwe, nambala ya gulu ikuoneka. Amalume asunge paketi yopanda kanthuyo ndi njere pang'ono mpaka atakolola. Asanafese zonse, atengepo njere zowerengeka, 20 kapena 50, aziike pa kansalu konyowa n'kuona zingati zimera pa sabata imodzi kapena masiku khumi. Oyeza mbewu m'malabotale amagwiritsa ntchito njere 400, koma ngakhale kayeso ka pakhomo kamaulula mbewu yakufa nazale isanawononge mwezi. Pa anyezi kuyesaku n'kofunika kwambiri, chifukwa njere yake imafa msanga, kawirikawiri pakangotha chaka chimodzi kapena ziwiri, makamaka ikasungidwa potentha.

Za chibwereza tinenepo pang'ono, chifukwa zimayambanitsa mabanja. Paketi ikalembedwa F1, njere zochokera m'zipatso zake sizidzabala zofanana ndi kholo. Zina zidzakhala zazikulu, zina zazing'ono, zina zidzataya chitetezo chimene munalipirira, ndipo malamulo a makampani ambiri amaletsanso kuchulukitsa mbewu yawo. Wolowa ulimi wa haibulidi adziwe kuti mbewu adzagula nyengo iliyonse, ndipo ndalamayo ichotsedwe pa zogulitsa phindu lisanagawidwe. Si dimba lililonse limene likufunika haibulidi. Mpiru, bonongwe, chisoso ndi nkhwani zili ndi msika wake m'tauni, mbewu yake agogo anu akhala akusunga okha kuyambira kale, ndipo sitikuona chifukwa chowasokonezera. Ngakhale pa phwetekere, wolima amene alibe madzi odalirika kapena ndalama ya feteleza wokwanira akhoza kupindula kwambiri ndi mtundu wotsika mtengo wotheka kusunga mbewu kusiyana ndi haibulidi wodula wodyetsedwa theka.

Mtundu watsopano, ngakhale utatamandidwa bwanji, uyambe pa mizere iwiri kapena itatu pambali pa umene amalume anauzolowera, m'dimba lomwelo, nyengo yomweyo. Alangizi a zaulimi a m'deralo afunsidwe, ndipo venda amene amadzagula aonetsedwe chipatsocho. Safunsa anadya phula. Kwa ife ozolowera kuitanitsa katundu lero n'kufika mawa, kudikira nyengo yathunthu kumaoneka ngati kutaya nthawi, koma makampani a mbewu enieniwo amayesa mtundu umodzi nyengo zingapo asanaugulitse, ndipo m'malamulo awo aja amalangiza wogula kuti ayambe wayesa m'munda mwake.

Chotsala ndi nkhani yovuta kuikamba ndi akuluakulu. Poti kampani yanena poyera kuti siidzalipira munda ukawonongeka, banja liyenera kugwirizana lokha, mbewu isanagulidwe, kuti zikavuta atayepo ndani ndipo zingati. Nthawi zambiri sizikambidwa, chifukwa mwana sangayambe kuwerengetsa amalume ake ngati wa ngongole, nawonso amalume sangakane mbewu imene mphwawo wawatumizira ndi mtima wabwino, ngakhale akudziwa kuti pa dothi lawo siichita. Amangoti zikomo, n'kubzala. Miyezi itatu ikatha, kuno kumayamba manong'onong'o akuti ndalama inadyedwa, kumudzi nako akuti ana a kunja amalamula zinthu zimene sakuzidziwa. Maganizo athu ndi akuti wosankha mtundu wa mbewu akhale amene amaponda m'dimbamo, atamva zonse zimene mwawerenga pa zilembo ndi pa malamulo a kampani. Inu mukaumirira mtundu wanu, muvomerezenso kuti ukakanika, ndalama yotayikayo ndi yanu ndipo thukuta la amalume lidzalipidwa. Mgwirizanowo ulembedwe, ngakhale pa uthenga wa pa foni, ndipo mayi anu kapena azakhali akhale mboni.